Karinya Yomwe Mabomba Ankaiopa

Karinya ya alamu anga inkamveka isanaoneke. Ikamatsika chitunda cholowera ku Nsadzo inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe, ndipo ife aphunzitsi tinkadziwiratu kuti phunziro lathera pomwepo, poti makosi a ana onse anali atapotokera kuzenera. Ndinkakalipa, ndinkamenya ndodo patebulo, koma kunena chilungamo nanenso khutu langa linkakhala lili kumsewu.

Inali galimoto yakalekale, yaing'ono, ya malo akatundu kumbuyo. Mphuno yake inali yobulungira, nyali zake zotong'oka ngati maso a chule, utoto wake wa mtundu wa thambo. Mwini wake woyamba anali Mpwitikizi wa kantina amene alamu ankamuyendetsera. Dziko litalandira ufulu mzunguyo ananyamuka mwaphuma n'kuwasiyira makiyi, ati chifukwa chiphapha chimenecho sichikanafika n'ku Tete komwe. Alamu ankaikonda nkhani imeneyi. Nthawi iliyonse akabwerako ku Tete ankatsika n'kusisita mphuno ya galimotoyo, amvekere, "Wakafikanso, mayi, wakafikanso."

Alamuwo anakwatira mlongo wanga wamkulu. Anali munthu wamfupi, wapakamwa, wosatha kudutsa mnzake osamuputa. Ine ndinali wamng'ono kwa onse awiri, koma amalume atamwalira unkhoswe wa banjalo unagwera ine. Ndiye alamu akafuna kundipsetsa mtima ankandigwadira pamaso pa ana asukulu, chipewa chili m'manja, n'kumanditchula kuti apongozi. Ine mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinkachoka ndikutukutira, iwo n'kutsala akufa nalo phwete.

Chodzutsira injini ya karinya ija, imene ife timati motoro, chinafa kalekale, choncho inkagona pamtsetse pansi pa mtengo wa mango, mphuno italoza kumunsi. Wofuna kukwera ankayamba wakankha. Panalibe za ulemu pamenepo. Abusa anakankhapo, anamwino anakankhapo, ngakhale akwati ankatsika, mkwatibwi atakwinya diresi lake, kukankha galimoto yomwe yawanyamula. "Profesoro," alamu ankatero mutu uli pazenera, "choko chakufewetsani manja, tabwerani mugwireko chitsulo." Ndinkakankha ndikutukwanira mumtima, fumbi ndi utsi zili kumaso, kenako n'kuthamanga kuti ndidumphire kumbuyo pakati pa mitolo ya thonje ndi mbuzi zomangidwa miyendo. Mlongo wanga yekha ndiye sankakankha. Ankakhala kutsogolo pambali pa mwamuna wake, duku lili neng'a, n'kumatiyang'ana ife okhetsa thukuta ngati ndife antchito ake.

Tikakolola tinkapita nayo ku Cassacatiza, kumalire ndi Zambia, kukagula shuga ndi nsalu. Pobwerera tinkaimba njira yonse, ndipo motoro ukatentha tinkaima pamtsinje, amuna n'kumatunga madzi ndi zipewa, amayi n'kumasenda nzimbe pamthunzi. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Tinalibe kanthu kwenikweni, koma msewu unali wathu, ndipo munthu akati ndibwera madzulo ankabweradi madzulo.

Nkhondo sinafike tsiku limodzi. Inayamba ngati mphekesera, kenako mchere unasowa, kenako msewu unayamba kudya anthu. Anyamata a m'tchire ankakwirira mabomba m'njira, ndipo magalimoto anayamba kuyenda mondondozana, asilikali patsogolo ndi pambuyo, ulendo womwe tinkautcha koluna. Tsiku lina karinya inadutsa pamalo pena bwinobwino, lole yomwe inkaitsatira n'kuphulika. Patapita miyezi zinachitikanso chimodzimodzi. Basi mbiri inawanda kuyambira ku Chifunde mpaka kumalire kuti alamu ndi okhwima, galimoto yawo mabomba amaiopa. Eni ake ankangoseka. Ankati chinsinsi chili m'miyendo: karinya ndi yopapatiza, matayala ake salowa m'mikwaso ya malole mmene anthu aja amakwiriramo zinthu zawo. Koma ndani ankafuna kumva za mikwaso? Amayi ankabwera kudzagunditsa makanda awo pachitseko chake kuti nawonso atengeko mwayi.

Ndiye m'mawa wina alamu ananyamula mayi amene mimba inamuvuta, kupita naye kuchipatala ku Chifunde, osadikira koluna. Anafika, anamusiya m'manja mwa anamwino, anamwa madzi, anatembenuza galimoto. Kunyumba sanafike. Tinafunsa asilikali, tinafunsa oyenda pansi, tinafunsa ndi osaka nyama omwe. Palibe anaona mtembo, palibe anaona chiphapha chopsa m'mbali mwa msewu. Pasanapite nthawi kwathu kunatentha, ndipo tinathawira ku Cassacatiza, kumene tinamanga misasa pafupi ndi malire kuti zikavuta tingodumphira ku Zambia. Ine ndinkaphunzitsa pansi pa mtengo, ana akulemba padothi.

Kwathu munthu akafera kutali, mtembo osapezeka, timaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake. Tikatero maliro amalirika, mkazi amametedwa, kenako amasudzulidwa, moyo n'kupitirira. Koma mawu oti tiike amachokera kwa eni munthu. Mwini wa alamu anali mkulu wawo, bambo wamtali wa mpingo wa Ziyoni, mlimi wosalankhulalankhula, amene naye anathawira komweko. Ndinapita kwa iye monga nkhoswe kangapo konse, ndipo yankho linali lomwelomwelo.

"Alamu, mtembo mwauona? Galimoto mwaiona? Ena anagwidwa ndi a m'tchire ndipo abwerako. Ine mng'ono wanga sindimukwirira ndi manja angawa ali moyo. Ndipo pasapezeke womulira. Kulira munthu wamoyo n'kumuitanira imfa."

Ndinkachoka nditapsa mtima. Ndinamutchulapo mwala, ndinamutchulaponso zina zomwe mphunzitsi sayenera kulemba. Lero ndimamumvetsa, poti ena ankabweradi, atawonda ngati nkhuni. Koma nthawiyo ndinkangoona mlongo wanga. Sanali mkazi wa munthu, sanali wamasiye. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, iye osaloledwa kutulutsa msozi poyera. Kumaliro a eni ake ankapita, koma ankakhala kumbuyo ataluma nsonga ya nsalu yake, kuopa kuti akangoyamba anthu adziwa amene akumulira. Sankafuna mwamuna wina, sankafuna katundu. Ankangofuna kulira mwamuna wake, ndipo chimenechi ine nkhoswe yake ndinalephera kumupezera.

Tsiku lina m'chilimwe, ndili mkati mophunzitsa, anandipeza wamalonda wina amene ankapikula sopo ndi mchere ku Zambia n'kumakagulitsa m'midzi ya mkati. Ankayenda panjinga, ndipo anali atatopa nayo.

"Profesoro, pepani ndakudulani. Paja karinya yoopedwa ndi mabomba ija inali ya alamu anu?"

Ndinati inde.

"Ili pamalire apa. Munthu wina akuigulitsa, akuti ndi yomweyo. Koma ine maso anga akukana, yasintha kwambiri. Ndisanadzipweteke, tiyeni mukandionere."

Wamalondayo sankafuna galimoto chabe. Ankafuna mwayi wake uja, ndipo mwayi sukhala m'galimoto yongofanana nayo. Ana ndinawabalalitsa nthawi yomweyo. Ndinatumiza uthenga kwa mkulu wa alamu. Mlongo wanga ndinati ndisamuuze kaye, koma pamisasa sipabisika kanthu. Pofika pamalire ndinamupeza ali kale pomwepo, ataima patali, manja ali kumbuyo.

Nditangoiona galimotoyo mtima unandiuza kuti tapusitsidwa. Inali yobiriwira ngati ya asilikali, utoto wake wopaka ndi chisanza. Matabwa akumbuyo anachotsedwa, m'malo mwake anawotchererapo zitsulo zazitali zonyamulira migolo. Inali itakwera m'mwamba pa matayala aakulu a lole, miyendo itatangadza, moti kupapatiza kumene alamu ankati kunkawapulumutsa kunalibenso. Nyali imodzi inali yobulungira, inayo yamakona. Mphuno yokha ndi imene inkandikumbutsa kanthu, koma magalimoto a mphuno yotere azungu anasiya ambiri.

Wogulitsayo anali bambo wonenepa bwino m'nyengo yoti tonse tinali mafupa okhaokha, mawu ake ofewa ngati akupemphera. Anati anaigula kwa munthu wa ku Katete, amene naye anaigula kwa wina, ndipo wina ujayo dzina lake linali litamuthawa. Ife sankatidziwa. Ankatiyesa anthu ongobwera kudzaonerera.

Wamalonda uja anali atabwera ndi mekaniko. Mekanikoyo anatsegula kutsogolo n'kupukusa mutu. "Motoro uwu si wake. Uwu achotsa m'thirakitala." Analowa pansi chagada, anakhalitsako, anatuluka msana uli mbuu. "Manambala a pachitsulo apalidwa ndi tupa. Zam'munsizi zonse ndi za lole." Pofuna kudzionetsa, wogulitsa anapotoza kiyi, galimoto n'kulira nthawi yomweyo popanda wokankha. Kulira kwake kunali kwa chigayo. Ine chimenechi chinandinyansa kuposa zonse.

Apa panabuka mkangano wa mtundu umene amuna timaukonda, tonse kulankhulira pamodzi dzuwa likutiswa mitu. Mekaniko ankati galimoto ndi motoro, ukachotsa umenewo watsala ndi chitini. Wogulitsa ankati munthu akavala malaya ena ndi nsapato zina sasanduka munthu wina. Msilikali wina wapamalire, amene palibe anamufunsa, anati galimoto ndi mapepala, ndipo iyi inalibe ndi limodzi lomwe. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinaitanidwa. Ndinaizungulira, ndinaigogoda, ndinasuzumira mkati. Ndinkafuna chibowo cha pansi chomwe tinkaonerapo msewu ukuthamanga, koma anali atawotchererapo chitsulo n'kusanjikapo matumba a mchenga. Ndinalephera kunena inde, ndinalephera kunena ayi. Zaka zonse zija ndinkaidziwira kumbuyo galimoto imeneyi, ndipo kumbuyoko n'kumene anasinthiratu.

Mkulu wa alamu anali atafika, ndodo yake ya kumpingo ili m'manja. Anamvetsera zonse mwakachetechete, nkhope yake n'kumamasuka pang'onopang'ono. Chithawireni kwathu aka kanali koyamba kumuona akumwetulira.

"Mwamva nokha, alamu," anandiuza. "Mtima si wake, miyendo si yake, khungu si lake. Iyi si galimoto ya mng'ono wanga. Tiyeni tizipita."

Wamalonda naye anagwira njinga yake. Wogulitsa ataona kuti malonda akumuthawa, mawu ofewa aja anatha.

"Dikirani, patarawu, bwana wanga! Mukufuna umboni? Tabwerani kuno!" Anatsegula chitseko cha woyendetsa n'kuyamba kukanda utoto ndi kiyi. Pansi pa wobiriwira panatuluka wa mtundu wa thambo, ndiponso timabowo tomatidwa ndi phula. "Mukuona? Zipolopolo zinalowa apa, ndi apa, ndi apa. Zinaboola chitseko, zinaboola mpando, koma motoro osazima, tayala osaphulika. Anandiuza yekha amene anandigulitsa. Anyamata aja anangokokera munthu pansi n'kuiyendetsa tsiku lomwelo. Galimoto ina iti ingatero? Iyi ndi yokhwima, ndikukuuzani!"

Sindikudziwa mmene ndinafikira pakhosi pake. Ndinangozindikira msilikali uja akundikoka, malaya a wogulitsa atang'ambika m'manja mwanga. Munthu kunyadira mabowo opha mnzake ngati akuonetsa mano a ng'ombe pamsika! Iye anangoti maso tong'o, osadziwa chimene walakwa.

"Mabowo ali m'magalimoto onse a dziko lino," anatero mkulu wa alamu. "Utoto wa thambo unkagulitsidwa m'kantina iliyonse. Zimenezi si umboni."

Ndipo sankanama. Tikanathera pomwepo, iye akanabwerera ndi mawu ake aja, ine ndi ukali wanga.

Apa m'pamene mlongo wanga anasendera. Anthu anamupatukira. Ananjuta pang'ono pamaso pa wogulitsa, monga amachitira mayi kwa mlendo.

"Bambo, ndiloleni ndione mpandowo."

Mpando wa woyendetsa unali wokutidwa ndi chisaka. Anamasula mfundo zake modekha, imodzi imodzi, n'kuvundukula. Mkati munalibe zitsulo zonyumphanyumpha zija, munali chingwe cha khonje cholukidwa ngati kama. Ndinakumbuka pomwepo. Zitsulo za mpandowo zinathyoka m'nyengo yomwe kunalibe kogula kanthu, ndiye mlongo wanga anapota khonje, awiriwo n'kuluka mpandowo pakhonde akukangana za kakokedwe. Komatu oyendetsa ambiri ankachita zomwezo, ndipo ndinaona mkulu wa alamu akutsegula pakamwa kuti anene zimenezi.

Mlongo wanga anatsogola kulankhula. "Alamu, mbuzi zanu mumamangira zingwe zanga, ndipo tsiku lililonse mumadandaula nazo. Taonani ichi."

Mlongo wanga ndi wamanzere. Amapotera khonje pantchafu ya kumanzere, ndipo chingwe chake chimapotoka mobwerera, mosiyana ndi cha anthu onse. Amayi anamumenyapo ali mwana kuti asinthe, osatheka. Chingwe chake sungachilumikize ndi cha munthu wina, chimamasuka, ndipo n'chimene mkulu wa alamu ankadandaula nacho. Mkuluyo anawerama, mutu wake wautali uli m'galimoto. Anagwira chingwe chija n'kuchipotokola ndi zala, n'kuchisiya, n'kugwiranso pena. Kenako dzanja lake linakwera kotsamira msana. Kumeneko zingwe zina zinali zoduka, zolumikizidwa ndi waya, ndipo khonje lonse kuyambira pamenepo kutsika m'munsi linali lakuda, louma gwa. Dzanja lija linakhala pomwepo nthawi yaitali.

Atatuluka anagoneka ndodo yake pansi, anavula chipewa, n'kukhala padothi pomwepo, munthu wamkulu, miyendo itatambalala.

"Chingwe ichi n'chanu, mlamu," anatero. "Ndakuchedwetsani. Lirani."

Mlongo wanga anatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayesanso, khosi likugwedezeka, maso ali gwa. Anatembenukira kwa ine.

"Alongo, sizikubwera," ananong'ona. "Sizikubwera."

Pa zonse zimene ndinaona m'nkhondo ija, palibe chinandiopsa ngati chimenechi. Ndinaganiza kuti tachedwa, kuti tamuumitsa mpaka kale.

Wamalonda anali atapeza yankho lake. Galimoto inali yeniyeni, ndipo sanaifunenso. Anati mwayi wake ndi wa chitsulo chokha, woyendetsa sumukhudza. Wogulitsa uja thukuta linali kamukamu. Popanda womuuza anabwereka sipanala kwa mekaniko, anagwada, n'kuyamba kumasula mpando uja yekha. Atautulutsa anauika pamapazi a mlongo wanga. "Sindinkadziwa, mayi," anatero, osamuyang'ana kumaso. Kaya ankanena zoona kaya ankanama, sindinafufuze. Galimotoyo inabwerera ku Zambia madzulo omwewo, woyendetsa atakhalira bokosi, ndipo sindinaionenso.

Wamalonda anatsitsa katundu wake n'kutibwereka njinga. Tinamangirira mpando uja kumbuyo kwake, mkulu wa alamu n'kuufunditsa mkanjo wake woyera wa kumpingo. Za thunthu la nthochi palibe anatchulanso, tinali nacho choika m'manda. Mkulu wa alamu anatsogola, ine pakati ndi njinga, mlongo wanga pambuyo, ndipo anthu amene tinkakumana nawo m'njira ankapatuka n'kuvula zipewa osafunsa kanthu. Njira yonse mlongo wanga sanatulutse mawu. Ndinkangomva mapazi ake m'fumbi.

Titafika polowera pamisasa, mkulu wa alamu anaima. Anaika manja kumutu, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu ngakhale kwa mbuzi, n'kufuula.

"Mayo ine! Mng'ono wanga ine! Mng'ono wanga wapita!"

Amayi anatuluka m'misasa, ena mitsuko ili kumutu, ena ana ali kubere, ndipo anaulandira mfuu uja. Kenako kumbuyo kwanga kunamveka mawu amene poyamba sindinawazindikire, okhakhala, ngati chitseko chomwe chakhalitsa chosatsegulidwa. Anakula, anakwera, anapitirira a onse. Mlongo wanga anali atagwada pakati pa njira, akuitana mwamuna wake ndi dzina lake lenileni, pamaso pa anthu onse, dzuwa lili poyera. Analira mpaka mawu anasasa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anamuuza kuti atonthole.